Singano ya mu jumbo yakuda

Ndine namwino pa chipatala china cha boma kummwera kuno, dzina lake ndisatchule. Ndikulembera makamaka anzanga amene mwangouzidwa kumene kuti kuyambira lero ndinu focal person, kutanthauza woyang'anira, wa IPC (kupewa kufala kwa matenda pachipatala) ndi chitetezo cha ogwira ntchito, ndipo mtima uli dyokodyoko poganiza za ma workshop a ku Mponela ndi ku Liwonde. Inenso ndinasangalala choncho.

Udindowu unandipeza mu 2021 Covid ili mkati. Mukukumbukira kuti matendawa analengezedwa kuti alowa mdziko muno pa 2 Epulo 2020, mwezi omwewo anamwino ndi madotolo nkunyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi risk allowance, nde nkhani ya chitetezo inali pakamwa pa aliyense. A metironi anangondiimitsa pa kolido nkuti, "Asisita, inu mumakonda zaukhondo, tithandizeni mbali imeneyi." Basi. Kalata panalibe, ndalama panalibe, ma shifiti anga a ku wodi anakhala omwewo. Ndikanadziwa ndikanapempha kalata yonena ntchito yanga ndi yotani, ndimayankha kwa ndani, komanso tsiku limodzi pa sabata loti ndisamakhale pa rosita. Popanda kalata ukamauza munthu wamkulu kuti walakwitsa amangokufunsa kuti iweyo ndiwe ndani.

Chaka choyamba ndinagwira ntchito yooneka bwino kwambiri. Ndinapanga ma posita a Chingerezi nkuwamata mmakoma onse, ndinatsegula fayilo yaikulu, cheki listi ndimadzadza mwezi ndi mwezi. Alendo a supervision akamabwera timadziwiratu, nde mmawa wa tsikulo bini iliyonse imakhala ndi jumbo yake, yachikasu ya zinyalala zamatenda, yakuda ya zinyalala wamba, safety box yotayamo singano yatsopano pa tebulo iliyonse. Amatipatsa mamalikisi abwino ine nkumayenda mutu uli mmwamba. Maphunziro akabwera pa listi ndimalemba anamwino ndi ma clinician, sinanga pamakhala ka alawansi nde aliyense amafuna dzina lake likhalepo. Okolopa, ochapa, abambo owotcha zinyalala kuseli kuja, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamulembapo. Sikuti ndimawada ayi, kungoti mmutu mwanga singano inali nkhani ya anthu obaya jakisoni.

Kenako kolera. Inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pofika Januwale 2023 inali itafalikira dziko lonse mpaka masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwetsedwa kutsegulira. Ife tinali ndi tenti kuseli kwa wodi ya abambo, odwala akubwera usiku ndi usana, ena atafooka kale mitsempha osaoneka, munthu mmodzi kumubaya katatu kanayi kuti kanula ilowe. Ma diripi a Ringer's amatha makatoni makatoni. Ma safety box anadzadza mpaka singano kumasuzumira pamwamba, atsopano kusitolo kunalibe, anthu anayamba kuponya mmakatoni a diripi omwewo. Majumbo achikasu anatha sabata yoyamba ya chaka, zonse zimangolowa mu yakuda. Ndimaziona. Ndinalemba ka memo kamodzi nkudziuza kuti mbali yanga ndachita.

Lachisanu pa 13 Januwale ndinaweruka masana nkupita kumudzi, kunali chiliza cha agogo. Tsiku la Chilembwe linagwa Lamulungu chaka chimenecho nde holide inasunthira Lolemba pa 16, wikendi yaitali. Foni kumudzi netiweki yake ndi ya pachulu.

Lachiwiri cha mma 8 mmawa ndikutsegula ofesi ndinapeza mayi ena okolopa ataima pakhomo, tingowatcha Anabanda ngakhale si dzina lawo. Mayi a zaka za mma 40, ofatsa, a ana anayi. Dzanja lamanja anali atalikulunga kansalu. Anadikira kuti anthu adutse kaye nkuti motsitsa mawu, "Asisita, pepani ndakuvutitsani, yandibaya singano."

"Liti amayi?"

"Lachisanu usiku, cha mma 9."

Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo, kubwereza kawiri ngati kuti mwina ziwerengero zisintha. Lachisanu 9 usiku kufika Lolemba 9 usiku ndi maola 72. Ife tinali pa maola 83. Mmimba munangoti juu.

Kwa amene simukudziwa, PEP ndi ma ARV amene munthu amamwa masiku 28 akakhudzana ndi magazi okayikitsa kuti HIV isakhazikike mthupi. Amayenera kuyamba msanga, maola oyambirira omwewo ngati nkotheka, ndipo maola 72 akadutsa sathandizanso, malamulo ake salola kupereka. Zimenezi ine ndimazidziwa ngati dzina langa, zinalinso pa posita yanga ija. Mchingerezi.

Nkhani yawo inali yotere. Amachotsa jumbo yakuda mu bini ya mu tenti, wilibala inali kwina nde anainyamula pamanja, ikulemera anaigwirira pansi ndi dzanja linalo, singano ya kanula nkuboola jumbo nkulowa pachikhatho munsi mwa chala chachikulu. Anavala magolovesi opyapyala awa timapimira odwala, olimba aja anang'ambika kalekale. Anafinya balalo mpaka magazi kutuluka ambiri, kenako nkuviika dzanja mu ndowa ya klorini yothira pa masanzi a odwala, yamphamvu ija ya 2%, poganiza kuti ipha kachilombo. Khungu linapsa, nchifukwa chake kansalu kaja. Chonde uzani anthu anu, bala la singano salifinya, salithira klorini kapena JIK kapena sipiriti, amangolitsuka ndi sopo pa madzi oyenda. Magazi akagwera mmaso kapena mkamwa ndi madzi okha ambirimbiri.

Anamuuza namwino wa naiti, mtsikana amene anali yekha ndi odwala oposa makumi awiri, iye nkuyang'ana posita pakhoma pamene panalembedwa kuti ngozi iliyonse ikanenedwe kwa focal person. Nde anawauza kuti mukaonane ndi asisita a IPC akabwera. Sindimuimba mlandu mwana uja, anawerenga zomwe ndinalemba ine. Ndipo olo akanafuna kuwathandiza, kiliniki ya ART inali yotseka wikendi yonse, mankhwala ali ku famase, kiyi ali ndi munthu amene amakhala kutali ndi chipatala.

Ndinawafunsa kuti bwanji simunapite kwa clinician wa pa call, olo kundiimbira. Yankho lawo mpaka lero limandiwawa. Anati amaopa kuti ndiwakalipira chifukwa ananyamula jumbo pamanja, paja tsiku lina ndinawakalipirapo pagulu za mopu. Anatinso anali pa kontirakiti ya miyezi itatu ya kolera, amaona ngati akadandaula sawaonjezera. Kenako anati, "Komanso asisita, ukayezetsa pano mawa lake chipatala chonse chadziwa." Pamenepo ndinasowa chonena, chifukwa zinali zoona.

Tinapita limodzi kwa clinician wa ART. Anawayeza, analibe kachilombo. PEP anati nthawi yadutsa. Singano ija sitinadziwe kuti inali ya wodwala uti, jumbo inali itawotchedwa kale, nde panalibe woti nkumuyeza. Clinician uja anayesa kuwalimbitsa mtima kuti mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano ya munthu amene ali ndi HIV, amene amatenga ndi atatu okha. Anabanda anangoti, "Nanga atatuwo si anthu?"

Ndiye clinician uja anatikumbutsa china chimene ine mwini wake wa pulogalamu ndinali ndisanachiganizire, Hepatitis B, matenda a chiwindi aja. Iyi ndi yosavuta kutenga kuposa HIV kutalitali, kwa munthu wosabayitsa katemera mpata umatha kufika 30 pa 100 ngati mwini singanoyo ali ndi kachilombo kambiri mmagazi, ndipo kamakhala kamoyo mmagazi ouma mpaka sabata. Kuno katemera wake analowa mu jakisoni wa ana wa penta mu 2002, kutanthauza kuti tonse obadwa chisanafike chaka chimenecho sitinalandire tili ana. Ife anamwino ena tinabayitsa ku koleji kapena pa kampeni ina, koma okolopa palibe anawafunsapo. Mwayi wake katemerayu amathandizabe akaperekedwa masiku ochepa ngozi itachitika, bola sabata isanathe. Pachipatala pathu panalibe wa akuluakulu. Tinasonkherana anthu anayi, Lachitatu mmamawa ndinakwera nawo minibasi kupita ku chipatala cha pulaiveti mtauni. Katemera, kuyeza ndi thiransipoti zinatidyera pafupifupi K40,000, theka inali yanga. Amabaya katatu, tsiku loyamba, pakatha mwezi, kenako pa miyezi 6, ndipo maulendo awiri otsalawo ndinalipiranso ndekha chifukwa manyazi opemphanso anzanga anandigwira.

Miyezi itatu yodikira kuyezanso inali yaitali abale. Anauzidwa kuti kunyumba azigwiritsa ntchito kondomu mpaka zotsatira zituluke, nde tangoganizani mayi wa pabanja zaka makumi awiri akauze bambo akunyumba zimenezo. Bambowo anakana kukhulupirira za singano, anati pali china chake. Anabanda anagona kwa achemwali awo masabata awiri. Ndinachita kupita ndekha Loweruka lina ndi yunifolomu yanga, kukhala pa mkeka nkufotokoza kuyambira pachiyambi ankhoswe ali pomwepo. Bambowo anandifunsa funso limodzi lokha, "Nanga inu akuluakulu ake munali kuti?" Ndinayankha kuti ndinali kumudzi. Sanayankhe.

Ine tulo timabwera mochedwa masiku amenewo. Ndikakumana nawo pa kolido akukolopa amandipatsa moni mwaulemu ngati kale, ndipo ulemuwo ndi umene umandipweteka kwambiri, bola akanandinyoza.

Za mapepala nazonso ndinaphunzira mochedwa. Dziko lino lili ndi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limene limati wolemba ntchito aonetsetse kuti antchito ake ndi otetezeka ndipo awapatse zovala zodzitetezera, palinso Workers' Compensation Act ya 2000 ya chipukuta misozi munthu akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Koma zonsezi zimayenda ndi umboni. Ngozi ya Anabanda sinalembedwe paliponse usiku umenewo, mu lipoti ya naiti munalibe, akanapezeka ndi matenda bwenzi tikukangana kuti anatengera kuntchito kapena kwina. Ndinalemba lipoti Lachiwiri lomwelo, namwino wa naiti uja nkusaina ngati mboni, kopi imodzi kwa a administrator, ina ndinawapatsa eni ake kuti akasunge kunyumba. Zotsatira za kuyeza koyamba zija musazitaye, ndi zimene zimaonetsa kuti munthu analibe matenda pa tsiku la ngozi.

Pakati pa Epulo anayezanso. Analibe. Anakhala pansi pa simenti nkuyamba kulira, nane ndinalira. Koma ndisaname, sindinawapulumutse ine, unali mwayi chabe.

Chinthu choyamba chimene ndinamenyera ndi choti PEP ichoke kuseli kwa loko. Ndimafuna mabotolo angapo a TLD, ma ARV awa timawatcha 13A, azikhala malo amene satseka, ku matenite, ku casualty ndi ku fiyeta. A ku famase anakana poyamba ndipo anali ndi mfundo, ma ARV amawerengedwa botolo lililonse, likasowa amafunsidwa ndi iwo. Tinakangana masabata asanu, pakati pomwepo nkubwera namondwe Freddy mu Malichi, chipatala kudzadza ovulala, miting'i ya mabwana kumangosunthidwa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Pomaliza tinagwirizana ka kabati kakang'ono malo atatuwo, kiyi ali ndi in-charge wa shifiti, ndi kaundula wosaina botolo likatuluka. Lamulo lake ndinalilemba mChichewa ndi maka pa pepala la katoni: tsukani ndi sopo, uzani in-charge aliyense amene alipo, imwani piritsi loyamba, mapepala pambuyo. Ngati woyeza magazi palibe usiku umenewo munthu amamwa kaye, kuyeza mmawa. Dzina langa pa pepalalo ndinalichotsapo dala.

Ka malangizo kena kamene anthu amaiwala kunena, piritsili ena limawasowetsa tulo nde ambiri amakonda kumwa mmawa, ndipo lisamwedwe nthawi imodzi ndi mapiritsi a ayironi kapena mankhwala a chilungulira aja a magnesium chifukwa amalilepheretsa kulowa bwino mthupi. Anthu amasiyira panjira sabata yachiwiri ngati palibe wowafunsa kuti zikuyenda bwanji, nde ndimawaimbira tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, ma yunitsi anga.

Za chinsinsi tinachita chonchi, munthu amasankha yekha womuyeza, akafuna amapita ku health centre ina nkungobweretsa kapepala. Mbuku la ngozi timalemba nambala osati dzina, mayina ali mu envelopu imene ndimasunga ndekha.

Koma chimene chinanditsegula maso kwenikweni ndi tsiku limene ndinapita 6 koloko mmawa kukachipinda kamene okolopa amasinthira zovala, nditanyamula fulasiki ya tiyi ndi mandasi. Ena anafunsa za alawansi, nditati palibe awiri anatuluka. Otsalawo anakhala chete mphindi zingapo, kenako Anabanda anayamba kulankhula, ena onse nkumasuka. Ine ndinapita kukaphunzitsa koma ndinangokhala nkumalemba. Ochapa anati singano amazipeza mmashiti pafupifupi sabata iliyonse, makamaka ochokera ku wodi ya ana kumene timabaya mwana akulimbana nkuiika singano pa bedi kuti titaya kenako. Abambo a ku ng'anjo anati singano sizipsa, zimatsala mphulusa, ndipo phulusalo amakokolola ndi fosholo yothyoka mpini, pena ndi manja. Anandionetsa zipsera. Mayi wina anati klorini amasungunula mongoyerekeza, ikanunkha kwambiri ndiye kuti yakwana, nchifukwa chake amatsokomola ndi kutuluka misozi mmawa uliwonse. Nditafunsa kuti amene anabayidwapo ndi singano akweze dzanja, pa anthu 19 anakweza 12. Mu fayilo yanga yokongola ija munali ngozi ziwiri zokha pa zaka ziwiri, zonse za anamwino.

Za klorini zinali zosavuta kukonza, ndinagula penti nkujambula mizere mu ndowa. JIK wa 3.5% kuti akhale 0.5% ndi kapu imodzi ya JIK, makapu 6 a madzi. Wa ufa uja wa HTH wa 70% ndi magalamu 7 pa lita, nde tinayeza ku labu kamodzi nkudula kabotolo kokwana muyezo wa ndowa yonse. Azisungunula watsopano tsiku lililonse, pamalo popita mphepo, ndowa yovindikira. Zinanditengera K9,000 ndi Loweruka limodzi, chinthu choti ndikanachita mu 2021.

Zovuta zinali za anthu ophunzira. Lamulo loti amene wabaya ndi amene ataye singano, pompopompo, osaibwezera chivindikiro, safety box ili pofikira dzanja, ikafika pa mzere wa magawo atatu mwa anayi itsekedwe. Clinician wina wamkulu anandiuza pamaso pa ma student kuti wakhala akuvindikira singano kuyambira ine ndili ku pulaimale ndipo sinamubayepo. Anthu anayamba kunditcha apolisi. Ndinasiya kukangana nawo pa wodi, mmalo mwake pa morning report ndimangonena kuti dzulo ku londire apeza singano ziwiri mmashiti a wodi yakutiyakuti, osatchula munthu. In-charge wa wodiyo amachita manyazi yekha nkukakonza anthu ake. Zinayenda bwino kuposa kukalipa kwanga konse kwa zaka ziwiri.

Pofika Seputembala mbuku munali ngozi 11 pa miyezi 6. Bwana wina anandiitana atakwiya, eti chiyambireni pulogalamu yanu yatsopanoyi anthu akubayidwa kwambiri. Ndinachita kuwafotokozera za manja 12 aja. Konzekerani zimenezi, anthu akayamba kukukhulupirirani manambala amakwera, ndipo pa pepala zimaoneka ngati mwalephera.

Ndalama ndiye mutu wina. Chaka cha ndalama za boma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo, mapulani amalembedwa miyezi ingapo chisanafike, ine pempho langa la magambuti, magolovesi olimba, ma epuloni ndi katemera ndinapita nalo mochedwa bajeti itatsekedwa kale. Ndalama za ORT, zoyendetsera chipatala tsiku ndi tsiku, zikabwera zimayamba zapita ku mafuta a ambulansi, magetsi, madzi ndi chakudya cha odwala, ndipo sungatsutse. Pempho langa linavomerezedwa mu Okutobala, ma kotesheni atatu ndinatolera ndekha, tisanagule kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023, wogulitsa nkuti mitengo ija yatha ntchito. Tinagula theka. Ndinayamba ndi a ku ng'anjo ndi ku londire, ena anadikira mpaka chaka chinacho ndipo anandidandaula kwambiri. Funsani lero lomwe kuti mapulani a chaka chamawa alemba liti, mukakhale nawo mchipindamo olo sanakuitaneni, ndipo mupite ndi mitengo kale.

Kunyumba nakonso zinandidya. Foni imalira usiku, abambo akunyumba mpaka anafunsa ngati chipatalacho ndi changa. Ndinadwala BP kumapeto kwa chaka chimenecho. Nde ndinapempha kuti pakhale komiti yeniyeni, tilipo 7, muli wa ku labu, wa ku famase, clinician mmodzi, ndi Anabanda amene pano analembedwa ntchito yokhazikika. Kalata ija ndinailandira patatha zaka zitatu chiyambireni ntchitoyi.

Mwezi wathawu student wina anabayidwa ku matenite cha mma 2 usiku akuthandiza kusoka mayi. Ine ndinamva mmawa pa lipoti, piritsi loyamba anamwa pasanathe mphindi 40, amene anamuperekeza kwa in-charge ndi mayi wokolopa amene anali pa naiti. Katemera wa Hepatitis B tabayitsa anthu 23 mwa 41 ogwira ntchito zotsuka ndi zinyalala, enawo tikudikirabe. Chumuni cha ng'anjo chinang'aluka mvula yathayi, utsi ukumalowa ku wodi ya amayi mphepo ikatembenuka, memo yake ndalemba yachitatu Lolemba lapitali.